LUMBIRO LA ANTHU A KU FIESCH

Inu amene mukukonzekera ubatizo, mvetserani mbiri ya Akristu anzanu a dziko la Switzerland, ku Ulaya, ndipo muilingalire bwino musanapereke malonjezo anu pamaso pa Eklezia.

Kumeneko kuli phiri lochedwa Jungfrau, lotalika mamita 4,158. Phiri la Binga, loposa mapiri onse a dziko lathu la Moçambique, lingofika mamita 2,436. Pamwamba pa Jungfrau cisanu sicitha konse. Mvula igwa ngati ufa woyera, niunjikana caka ndi caka, nipsinjana kufikira isanduka madzi oundana, olimba ngati mwala. Cifukwa ca kulemera kwace, madziwo atsetsereka pang'onopang'ono m'cigwa, monga mtsinje woyenda mosaoneka ndi maso. Mtsinje umenewo dzina lace ndi Aletsch; utalika ngati makilomita 20, ndipo m'mapiri onse a Alps mulibe wina wouposa.

Kale mtsinjewo unali kukula. Unali kudya mabusa a ng'ombe, ndipo unatseka madzi a nyanja yaing'ono ya Märjelen, amene nthawi zina anali kuphulika mwadzidzidzi ndi kusefukira m'zigwa. Tsono m'caka ca 1678 anthu a midzi ya Fiesch ndi Fieschertal analumbira kwa Mulungu kuti adzakhala m'makhalidwe oyenera, ndi kupemphera kuti madzi oundanawo aleke kukula. Pambuyo pace anaonjezapo ulendo wa mapemphero: pa 31 Julayi, tsiku la Ignasio Woyera wa ku Loyola, ayenda maora angapo kunka ku kacisi wa Amai Maria m'nkhalango ya Ernen. Makolo anamwalira, ana nasenza lumbirolo, adzukulu nalilandira osaliyesa mtolo wa eni.

Koma kuyambira zaka za m'ma 1860 mtsinjewo wabwerera m'mbuyo makilomita oposa atatu, pakuti dziko lapansi likutentha, makamaka cifukwa ca utsi wa malasha ndi mafuta amene anthu atentha. Pamenepo anthu a ku Fiesch anaona kuti cimene makolo ao anaciopa ndico nkhokwe ya madzi ao. Madzi oundana akatha, m'cilimwe mitsinje idzacepa, ndipo miyala imene cisanu cinaimanga pamodzi idzagumuka. Mantha amenewa si opanda pace: pa 28 Meyi 2025 madzi oundana a phiri lina anagumuka nakwirira mudzi wa Blatten, m'cigawo comweco ca Valais. Anthu anali atasamutsidwa kale, koma munthu mmodzi anafa.

Tsono yang'anitsitsani cimene anacita a ku Fiesch. Sanati, lumbiro ili lakalamba, tilitaye. Sanalisinthenso okha pabwalo la mudzi, ngakhale zimenezo zikanakhala zapafupi. Anadziwa kuti mau operekedwa kwa Mulungu sakhalanso ao. M'caka ca 2009 anapempha Papa Benedict XVI kuti awalole kutembenuza pempho lao, ndipo m'caka ca 2010 cilolezo cinafika. Mbali ya makhalidwe oyenera sinasinthe mpang'ono pomwe.

Inunso pa tsiku la ubatizo wansembe adzakufunsani ngati mukana Satana ndi nchito zace zonse, inu nimudzayankha ndi pakamwa panu. Zosowa zanu zidzasintha: caka cino mupempha mvula, caka camawa mupempha kuti ileke. Koma yankho la tsikulo mudzalisenza m'njala ndi m'zokolola, pa maliro ndi pa ukwati. Ndipo likadzakulemerani, musadzimasule nokha usiku m'nyumba mwanu. Pitani kwa mphunzitsi wanu kapena kwa bambo mfumu, mukawafotokozere zonse.