KODI NKOYENERA KUSANKHIRA MPHAKA CAKUDYA?

Ku Liwaladzi, pa mseu wocokera ku Nkhotakota kunka ku Dwangwa, kuli mai wina wamasiye amene anautsa makani m'mudzi mwao cifukwa ca kamphaka. Anakapempha kwa mnansi wace kali kakang'ono, kuti kakakula kazimlondera mpunga m'nyumba, pakuti makoswe anali atamboolera matumba onse. Anakalera monga alerera onse kunyanja kuno: m'mawa timkaka pang'ono, usana kondoole wofinyira pamodzi ndi usipa, madzulo mitu ya utaka. Koma kamphakako sikanakula bwino. Kanayamba kutsegula m'mimba, nikaonda, ndipo kanali kudzikanda m'khosi ndi kumakutu usana ndi usiku, kufikira ubweya unasosoka nipaoneka zironda.

Maiyo anakaika m'dengu napita nako kwa mlangizi wa ziweto. Iyeyu anayamba wakapatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nthata, popeza izi ndizo zibvuta ana a mphaka kawiri kawiri. Koma masabata anapita, nthenda osaleka. Pamenepo mlangizi anati, "Mai, kapena cakudya ndico cikawenga. Mulekeretu mkaka ndi nsomba. Mukapatse nyama ya mtundu umodzi wokha, imene sikanadyepo ndi kale lonse, masabata 8, osakalawitsa kanthu kena, ndipo tidzaone." Tsono maiyo anayamba kugula zotsala kwa opha mbuzi pamsika, timitima ndi timinofu ta m'mapfupa, naziphika, zina naziwamba pamoto kuti zisabvunde.

Mbiri inawanda. Mlamu wace, ndiye msodzi, anafika pakhonde nati, "Alamu, kodi mwatani? Mphaka wa kunyanja akana nsomba, inu nimumgulira mbuzi! Ana angati m'mudzi muno aona nyama mwezi uno? Mphaka adye cimene cilipo. Akafa, amphaka sasowa." Maiyo anayankha pang'ono pokha, kuti, "Ndinakatenga ndine kwa amace." Ndipo makani anathera pomwepo tsiku lija, koma m'mitima ya anthu sanatha. Tiyeni tsono tiweruze mlanduwu mosafulumira, pakuti onse awiri anali ndi mau.

Poyamba tifunse ngati nthendayo iri yoona, kapena kamphaka kangonyada. Odziwa za ziweto atiuza kuti mphaka ali wosiyana ndi garu. Garu akhoza kukhala moyo ndi mkute wa nsima ndi zotsala za m'mbale, koma thupi la mphaka lifuna nyama. Muli kanthu m'nyama kochedwa taurine, kamene thupi lace silikapanga kokwanira. M'caka ca 1975 ofufuza ku America anapeza kuti mphaka wosowa kanthuka acita khungu, ndipo m'caka ca 1987 ena ku California anaonetsa kuti mtima wace womwe ufooka. Kanthuka kasungunukira m'madzi pophika, ncifukwa cace msuzi wa nyamayo suyenera kutayidwa. Koma mnofu wokha sukwaniranso kwa kamwana kakukula, pakuti mapfupa ace afuna cakuwalimbitsa. Apo makoko a mazira osinja bwino athandiza. Za mkaka, amphaka ambiri akaleka kuyamwa m'mimba mwao simugayanso shuga wa mumkaka wa ng'ombe, ndipo atsegula. Ndipo mwa zakudya zimene ziwenga amphaka, zodziwika koposa ndizo nyama ya ng'ombe, nsomba ndi nkhuku. Cizindikiro cace ndico kuyabwa kwa m'mutu ndi m'khosi, nthawi zina pamodzi ndi kusanza kapena kutsegula. Cotero mphaka wowengedwa ndi nsomba si cozizwa ai, ngakhale abadire pa mcenga wa nyanja.

Ici ndaciika poyamba cifukwa munthu sangathe kuweruza bwino cimene sacidziwa. Ambiri a ife ticimwira zofooka posadziwa, osati pozida. Alipo amene anapatsa mphaka wodwala Panado mwa cifundo, namupha, pakuti mankhwala amenewa, ngakhale kacidutswa, ali poizoni kwa mphaka. Anyezi ndi adyo a m'ndiwo zathu aononga mwazi wace. Cifundo copanda nzeru cikhoza kupweteka monga nkhanza, ndipo wofuna kucita zabwino ayenera kuyamba wafunsa.

Tsopano tibwere ku mau a msodzi uja, pakuti ali olemera. Iye anati munthu ayambe. Ndipo anena zoona. Ife a kuno tiidziwa njala. Akuru akumbukira ya 1949, ambiri tikumbukira ya 2002, ndipo m'caka ca 2024 madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda ku Dwangwa. Ngati m'nyumba mwatsala nthongo imodzi, ndipo mwana ndi mphaka aiyang'ana onse awiri, palibe mlandu woweruza: nthongoyo nja mwana. Munthu amene agulira mphaka wace zakudya za m'zitini za mtengo wapatali ku Lilongwe, amace omubala alikugona ndi njala kumudzi, wasokoneza ndondomeko ya cikondi, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Pamenepa sititsutsana naye msodziyo.

Koma tiyang'anitse ngati mlandu wa mai uja uli wotere. Adzukulu ace sanagona ndi njala cifukwa ca kamphaka. Anagula zotsala zimene opha mbuzi agulitsa mocipa, ndipo kamphaka kadya zosadzaza dzanja. Ndiponso tifunse mosabisa: ndalama ija akadapanda kugulira kamphaka, kodi ikadafika kwa ana osauka amene msodzi anawachula? Kawiri kawiri tichula aumphawi pofuna kuletsa mnzathu cabwino cace, koma ife eni osawapatsa kanthu. Amene anaseka maiyo, ena a iwo ataya zoposa pamenepo pa kacasu tsiku la msika, ndipo palibe awafunsa za ana amasiye. Cifundo sicifanana ndi cimanga ca m'nkhokwe, cimene ukatapa cicepa. Cifanana ndi mkono wa mpalasi wa bwato, umene ulimba pogwira nchito. Ine sindinaone munthu woleza mtima ndi ciweto codwala amene anauma mtima pa mwana wodwala. Koma anyamata oponya amphaka miyala ndawaona atakula, ndipo akazi ao ena alira.

Mau a maiyo anali ocepa, koma m'menemo muli muzu wa nkhani yonse: "Ndinakatenga ndine." Bvumbwe wa m'thengo tiribe naye mangawa; adzisankhira yekha cakudya. Koma kamphaka aka kanacotsedwa kwa amace ndi dzanja la munthu, nikatsekeredwa m'nyumba ya munthu, kuti kagwire nchito ya munthu. Sikangathe kupita kumsika, sikangathe kunena kuti ici cindipweteka. Cidya cimene ciikidwa pansi, kapena cifa. Pamene tilanda colengedwa ufulu wace wakudzisamala, udindo wakucisamala ugwera ife. Akuru anati, walira mvula walira matope. Wofuna mlonda wa mpunga wace walandiranso nthenda za mlondayo. Ndipo mau akuti amphaka sasowa ali oopsa koposa onse, cifukwa ayesa camoyo ngati mphika, umene ukasweka uumba wina. Mphika sumva kuwawa.

Nzeru iyi anthu a maiko ena anaifikanso. Mngelezi wina, Jeremy Bentham, analemba m'caka ca 1789 kuti poweruza za nyama tisayang'ane ngati ziganiza kapena kulankhula, koma ngati zimva zowawa. M'caka ca 1822 nyumba ya malamulo ya ku Britain inaika lamulo loletsa kuzunza ng'ombe, akavalo ndi nkhosa, ndipo m'caka ca 1824 ku London kunayambika bungwe loteteza nyama ku nkhanza. Koma ife sitinadikira iwo kuti atiphunzitse zonse. Mbusa wa mbuzi asenza pa phewa kamwana kopunduka, ndipo mai afungatira anapiye ofedwa m'nsaru pafupi ndi moto. Cimene maiyo anacita cinali cacilendo m'maonekedwe okha.

Patsala mau amodzi a msodzi amene ndifuna tiwalingalire koposa, ndiwo akuti, adye cimene cilipo. Mau awa sitinena kwa amphaka okha. Tiwanena kwa ana athu ndi kwa okalamba athu. Tiyesa kuti cilungamo ndico kugawira onse cofanana, mbale imodzi, ndiwo imodzi, ndipo wokana timucha wonyada. Inde, kunyada kulipo. Mwana wokana nsima ya mgaiwa cifukwa analawa mpunga kwa atsibweni ace ayenera kulangizidwa. Koma cinenero cathu comwe cisiyanitsa kunyada ndi kuwengedwa. Makolo anadziwa kuti wina akadya mlamba aturuka ziwengo, wina mkaka wauwisi umtupitsa m'mimba koma cambiko amwa bwino. Masiku ano tiri ndi agogo amene acipatala anawaletsa mcere cifukwa ca kuthamanga kwa mwazi, ndi ena a nthenda ya shuga amene anauzidwa kucepetsa zotsekemera. Kodi m'nyumba zathu awaphikira padera? Kapena mpongozi anena kuti, "Ine sindingathe kuphika miphika iwiri," ndipo nkhalamba idya mwamanyazi cimene ciifupikitsa moyo? Pa maliro ndi pa maukwati, ndani akumbukira otere?

Wosoka zobvala akasokera banja lonse malaya a muyeso umodzi, sitimuyesa wolungama, timuyesa waulesi. Momwemonso kupatsa onse cofanana nthawi zina kuli ulesi wobvala dzina la cilungamo. Cilungamo ceni ceni ciyang'ana munthu amene ali pamaso pace, nicimpatsa comuyenera. Ici cifuna nchito, pakuti uyenera kupenya, kufunsa, ndi kukumbukira. Akazi a kunyanja kuno abviika cinangwa cowawa masiku angapo asanacisinje, cifukwa adziwa kuti si conse codzaza mimba ciri cabwino m'thupi. Nzeru yomweyo ingofunika kuifikitsa kwa mmodzi mmodzi.

Pali cinanso cimene maiyo atiphunzitsa, ndico kudekha. Masabata 8 ali ambiri. Kamphaka kanali kulira pomva pfungo la usipa pa moto, adzukulu nafuna kukaponyera kamutu mobisa, ndipo iye anawaletsa, pakuti kamutu kamodzi kakadaononga kuyesa konse. Apo cifundo ca kanthawi cinayenera kugonja kwa cifundo coona patali. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ambiri tikonda kupatsa cimene cikondweretsa wolandira lero, kuti atiyamike. Kumana cokoma cifukwa ca cikondi kuli kobvuta, ndipo wakumanayo sayamikidwa msanga.

Nanga iye amene alibedi ndalama ngakhale ya zotsala za mbuzi, acite ciani? Sindinena kuti agulitse mbeu yace. Udindo wa munthu ulekeza pamene mphamvu yace ilekeza. Koma pakati pa kugula mbuzi ndi kumanga kamphaka m'thumba kukaponya m'nyanja pali njira zambiri. Akhoza kuleka mkaka, kumene sikufuna ndalama. Akhoza kukaikira madzi oyera, pakuti kamwana kotsegula m'mimba kafa msanga ndi kuuma kwa thupi. Akhoza kufunsa mlangizi wa ziweto, kapena kukapereka kwa mnansi wokhoza kukasunga. Ndipo asanapemphe kamphaka, adzifunse ngati adzakhoza. Cosaloleka ndi cimodzi, ndico kuona camoyo cirikuzunzika m'nyumba mwako ndi kunena kuti si kanthu.

Za kamphaka kaja, pakutha masabata aja zironda zinauma, ubweya numera, m'mimba nimukhazikika. Pofuna kutsimikiza, mlangizi anauza maiyo kuti akalawitsenso usipa. Asanathe masiku ambiri kanayambanso kudzikanda, ndipo onse anadziwa cimene cinakawenga. Lero ndi mphaka wamkuru, adzigwirira yekha makoswe, ndipo matumba a mpunga ali osabooka. Msodzi uja sanatembenuka; akali kunena kuti alamu ace anataya ndalama, ndipo ali nao omubvomereza. Ine ndiyesa kuti maiyo anacita bwino, ndipo akadacitabe bwino ngakhale kamphakako kakadafa, pakuti mangawa ace anali akuyesa, osati akuciritsa.

Inu owerenga, ambiri mulibe mphaka wodwala. Koma madzulo ano, pamene mbale zibwera kucokera pa mphasa, yang'anani ngati pali wina amene masiku onse asiya ndiwo yakuti yakuti, kapena mwana wodzikanda atadya, kapena nkhalamba yongotsina nsima yosasunsa. Musanamdzudzule, yambani mwamfunsa cifukwa cace.