Chimbale Chonyezimira ndi Khomo la Nyumba Yathu

Mawu owerenga: Mateyu 6:19-23, Machitidwe 17:21, 1 Atesalonika 5:21

 

Mwezi uno ndafuna kuti tilingalire limodzi za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife tidakalandira m'nyumba zathu ndi manja awiri, ndiye chimbale cha kanema chotchedwa DVD. Lero zimbale zambiri zili m'makatoni kunsi kwa bedi, zina ana akuseweretsa pabwalo. Ndiye chifukwa chake ino ndi nthawi yabwino yozikamba, pakuti taona chiyambi chake, taona kutchuka kwake, taonanso kutha kwake. Nkhani imene yafika kumapeto imaphunzitsa bwino.

Chimbale cha DVD chidayamba kugulitsidwa ku Japan mu Novembala 1996, ndipo chidafika ku America mu Malichi 1997. Makampani akuluakulu monga Toshiba, Sony, Philips ndi Panasonic ndiwo adagwirizana za kapangidwe kake. Chisanabwere, anthu ankaonera kanema pa tepi ya VHS, imene kampani ya JVC idatulutsa mu 1976. Amene tidagwiritsapo ntchito tepi tikukumbukira mavuto ake: kuibweza ikatha, kukodwa m'makina, zithunzi kuyamba kuchita mizeremizere ikakalamba. Chimbale chatsopanochi, chotalika masentimita 12 okha m'mimba mwake, chinkanyamula filimu yathunthu, zithunzi zowala ndi mawu omveka bwino. Munthu ankatha kudumpha n'kupita pa gawo limene akufuna. Chimbale chimodzi chinkatha kusunga zilankhulo mpaka 8, kudzanso mawu olembedwa m'munsi othandiza anzathu osamva. Pofika chaka cha 2003, anthu a ku America obwereka zimbale adaposa obwereka matepi.

Kuno kwathu nthawi imeneyo idakumana ndi kutsegulidwa kwa Television Malawi mu 1999. Mabanja ambiri m'matauni adagula TV, ndipo posakhalitsa makina otsika mtengo ochokera ku China adadzaza m'misika. Mafilimu a ku Nigeria adalowa m'nyumba zathu pa zimbale za VCD ndi DVD. Palibe Mkhristu angakane kuti luso limeneli lidachokera m'nzeru zimene Mulungu adapatsa anthu. Funso lathu ndi lakuti, kodi tidalilandira motani?

Mtumwi Paulo atafika ku Atene adapeza mzinda wa anthu ophunzira, koma Luka akutiuza kuti eni mzinda ndi alendo omwe ankatha masiku awo pofuna kumva ndi kukamba chilichonse chimene changobwera kumene. Matenda amenewa sadathere ku Atene. Ndikupatsani zitsanzo ziwiri za anthu amene adathamangira kukhala oyamba.

Mu 1998 sitolo ina yaikulu ya ku America yotchedwa Circuit City idatulutsa mtundu wake wa chimbale wotchedwa DIVX. Munthu ankagula chimbale pa mtengo wotsika, koma akangoyamba kuonera ankapatsidwa maola 48 okha. Akafuna kuoneranso, ankayenera kulipira kachiwiri, ndipo makina ake ankalumikizidwa ku waya wa telefoni kuti eni ake azidziwa zimene waonera. Mu Juni 1999 ntchitoyo idaimitsidwa, ndipo pofika 2001 zimbale zija zidaleka kugwira ntchito. Anthu adatsala ndi zimbale zonyezimira bwinobwino koma zosaonetsa kanthu. Chitsanzo chachiwiri ndi cha mu 2006, pamene kudatuluka mitundu iwiri yopikisana, HD DVD ndi Blu-ray. Mu Febuluwale 2008 kampani ya Toshiba idalengeza kuti yasiya kupanga HD DVD. Onse amene adathamangira kugula makina amenewa pa mtengo wokwera adatsala m'malere, pakuti mafilimu atsopano adaleka kutuluka pa mtundu umenewo.

Amayi, Ambuye wathu adatichenjeza pa Mateyu 6 kuti chuma cha pansi pano chili ndi adani ake, njenjete, dzimbiri ndi mbala. M'masiku athu ano kwawonjezekera mdani wina, ndiye chinthu chatsopano chimene chimabwera mawa n'kusandutsa cha lero kukhala zinyalala. Kampani yotsiriza yodziwika yopanga makina a VHS, Funai ya ku Japan, idasiya kuwapanga mu 2016. Kampani ya Netflix, imene idayamba ntchito yake potumizira anthu zimbale pa positi mu 1998, idatseka ntchito imeneyo mu Seputembala 2023. Zonsezi zachitika m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo ambiri a ife taziona ndi maso athu.

Tsono tiyeni tidzifunse moona mtima. Ndi mabanja angati amene adalowa katapila kuti pabalaza pawo paoneke makina ngati a kwa aneba? Ndi ana angati amene adabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi, pamene pabalaza pali TV ndi makina atsopano ofundidwa kansalu koluka? Kugula sikulakwa. Cholakwika ndi kugula chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa chofuna kuti anzathu atione. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adadikira zaka zowerengeka adagula makina omwewo pa mtengo wotsika kwambiri, osasowa mtendere ndi ngongole.

Koma nkhani ya ndalama ndi yaing'ono poiyerekeza ndi iyi imene ndikubwera nayo. Mu ndime yomweyo ya Mateyu, Yesu akuyerekeza diso ndi nyale younikira thupi lonse. Cholowa pa diso chimafika mumtima, ndipo chikakhala mdima, munthu yense amada.

Pa zaka zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndidaphunzira kuti mankhwala saperekedwa chifukwa choti botolo lake ndi lokongola. Timayamba tawerenga zolembedwa pa botolo. Timafunsa zaka za wodwala ndi kulemera kwa thupi lake. Mlingo umene umachiza munthu wamkulu ukhoza kupha mwana. Mayi aliyense amadziwa kuika mapiritsi pamwamba, pamene mwana sangafikire. Nanga bwanji zimbale tidaziika pansi, pafupi ndi TV, pamene mwana wa zaka zisanu ankatha kusankha yekha n'kudziikira?

Taganizirani ichi. Makampani opanga mafilimu adaligawa dziko lonse m'zigawo kuti ateteze phindu lawo. America idali chigawo 1. Ulaya ndi South Africa zidali m'chigawo 2. Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa adali m'chigawo 5. Choncho chimbale chimene mwana wanu adakutumizirani kuchokera ku London kapena ku Johannesburg nthawi zina chinkakana kuonetsa pa makina ogulidwira chigawo china. Eni malonda adamanga mpanda kuzungulira ndalama zawo, ndipo adaumanga chimbale chisanafike ndi pa msika pomwe. Ife amene Mulungu adatisungitsa miyoyo ya ana, kodi mpanda wathu tidaumanga liti? Makina ambiri adali ndi loko wa makolo, wotseka ndi nambala yachinsinsi, koma ndi ochepa amene adawerenga kabuku kake. Ndiponso zimbale zokopera za mumsika, zija zonyamula mafilimu ambirimbiri pa chimbale chimodzi, sizinkasamala za loko ameneyu. Pa chikuto pankajambulidwa china, mkati mukupezeka china. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Zotsatira zake tidaziona. Tidaona anyamata ovala yunifolomu akulowa m'tinyumba toonetsera vidiyo m'misika nthawi ya maphunziro. Tidaona atsikana aang'ono akuphunzira za chikondi kwa anthu amene sadzawaonanso, mayi wawo asanawakhazike pansi. Mafilimu a ku Nigeria adatisangalatsa chifukwa tidaona nkhope zonga zathu, apongozi onga athu ndi mavuto onga athu, ndipo ena mwa iwo adali ndi phunziro labwino. Koma ambiri adadzala ndi ufiti ndi zizimba zolemeretsa. Mwana amene wadya zimenezi usiku ndi usiku amayamba kuyang'ana agogo ake ndi diso lokayika. Nkhalamba ikalankhula yokha chifukwa cha matenda a ukalamba, iye amaona mfiti. M'dziko muno okalamba azunzidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha kunamiziridwa kotere. Sindikunena kuti chimbale ndicho chidabweretsa mantha a ufiti, pakuti adalipo kale, koma tisakane kuti chidathira nkhuni pa moto.

Chinanso chimene chidatayika mwakachetechete ndi nthawi ya madzulo. Pa Deuteronomo 6 makolo akulamulidwa kuphunzitsa ana awo mawu a Mulungu akakhala m'nyumba, akamayenda m'njira, pogona ndi podzuka. M'makomo ambiri nthawi imeneyo idali itatha nsima ya madzulo: nthano, nyimbo imodzi, pemphero la banja. Filimu ya zigawo zitatu itabwera, pemphero lidayamba kufupika, kenaka lidasamukira ku mawa. Ena tidafika pomathokoza magetsi akazima, chifukwa ndi pamene banja linkayang'anana kumaso.

Komabe Paulo sadauze Atesalonika kuti athawe zinthu zonse. Adawauza kuti aziyese, ndipo chimene chapezeka chabwino achigwiritsitse. Zabwino zidalipo ndithu. Filimu ya moyo wa Yesu ya mu 1979, yotengedwa mu Uthenga Wabwino wa Luka, idamasuliridwa m'Chichewa, ndipo agogo osadziwa kuwerenga adamva Ambuye akulankhula chilankhulo chawo. Makwaya athu adajambula nyimbo zawo, zikafika kwa abale okhala kunja. Maukwati adasungidwa, ndipo lero ana akuona nkhope za makolo amene adatisiya. Pa nthawi imene Edzi inkatenga anthu ambiri, kanema adathandiza kuphunzitsa zinthu zimene pakamwa pathu pankachita nazo manyazi. Mpeni womwewo umene umasenda mbatata ndi umene umatema chala. Nkhani yagona pa dzanja limene laugwira.

Pa makwaya pomwepa ndikumbutseko za chilungamo. Kwaya ikalipira ndalama zojambulira, kenaka wina n'kukopera chimbale chake mumsika ife n'kugula chifukwa chatchipa, tadya thukuta la anzathu. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, koma Mkhristu ali ndi lamulo lakale kuposa limeneli, lija loletsa kuba. Lero nyimbo zikuyenda pa memori khadi ndi pa foni, ndipo lamulo la Mulungu likadali lomwelo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga tikukambiranji za chinthu chimene chidapita? Chifukwa chake n'chakuti chimene chabwera m'malo mwake n'chovuta koposa. Chimbale chinkaoneka ndi maso. Mayi ankatha kuchitola, kuwerenga chikuto, ngakhale kuchithyola. TV idali pabalaza, aliyense wodutsa ankaona. Lero kanema ali m'foni, foni ili m'thumba la mwana, ndipo usiku ili naye m'bulangete. Ngati tidagona pamene mlendo ankalowera pa khomo, tidzatani tsopano pamene akulowera pa zenera?

Mary Sumner atayambitsa Umodzi wa Amayi mu 1876 ku Old Alresford ku England, cholinga chake chidali chakuti amayi athandizane kulera ana m'chikhulupiriro. Mwa zolinga za bungwe lathu muli kulimbikitsa makolo pa ntchito imeneyi ndi kuteteza ana. Mu 2010 anzathu a ku Britain adayambitsa ntchito yotchedwa Bye Buy Childhood, yodzudzula amalonda amene amasandutsa ana kukhala msika. Nkhondoyi ndi ya bungwe lathu lonse, ndipo gawo lathu tiligwire m'makomo mwathu.

Choncho ndikupempha nthambi iliyonse kuti pa msonkhano wotsatira ikambirane izi. Tisanagule chida chatsopano, tikhale pansi ndi abambo a kunyumba n'kuwerengera ngati fizi, chakudya ndi chopereka cha ku tchalitchi zakwanira. Chimene mwana akuonera tiyambe tachiona ife, kapena tionere naye limodzi n'kumufunsa chimene waphunzirapo. Foni ndi TV zikhale ndi nthawi yake, ndipo usiku zigone pabalaza. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana amaphunzira kulankhula poyankhulana ndi munthu wamoyo amene akumuyankha. Agogo amene tikulera zidzukulu tisachite manyazi kufunsa achinyamata a St. Agnes kapena a m'kwaya kuti ationetse kagwiritsidwe ntchito ka foni, pakuti safunsa adadya phula. Pomaliza, tibwezeretse pemphero la madzulo pa malo ake, ngakhale likhale la mphindi khumi. M'mera mpoyamba.

Tiyeni tipemphere. Mulungu Atate, Inu amene mudapatsa anthu nzeru zopangira zinthu zodabwitsa, tipatseninso nzeru zozigwiritsira ntchito. Yeretsani maso athu ndi maso a ana athu. Tichotsereni mtima wopikisana ndi anansi athu, ndipo mutiphunzitse kukhutira ndi zimene mwatipatsa. Tetezani okalamba athu ku mabodza, ndipo mutikhazike ife amayi ngati alonda okhulupirika pa makomo a nyumba zathu. Tapempha mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ine mnzanu mu utumiki,
Mtsogoleri wa Umodzi wa Amayi