Ukachenjera manja udya naye: nanga mlezi adzadya liti?

Mzinda wa Livingstone umadzuka msanga chifukwa cha alendo. Wophika wa pa hotela amayenera kufika kukhitchini kusanache, woyala mabedi chimodzimodzi, ndipo amayi ogulitsa madengu, mikanda ndi ziboliboli pa msika wa Mukuni Park kapena pachipata cha mathithi a Mosi-oa-Tunya amafuna kuti galimoto yoyamba ya alendo iwapeze atayala kale malonda. Ambiri mwa amayi amenewa ali ndi makanda. Kuti iwo atuluke m'nyumba, payenera kulowa mkazi wina woti abereke mwana, amuphikire phala, amuchapire matewera, amutonthoze mpaka dzuwa kulowa. Ena amati meidi, ena amati anti, koma ntchito yake ndi ya ulezi. Funso limene limazunguza mitu m'makomo a ku Dambwa, Maramba, Libuyu ngakhale ku Highlands komwe n'lakuti: munthu wotereyu timulipire zingati pamwezi?

Nkhani ikangofika pa ndalama, mwambi suchedwa kutuluka. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Ngakhale kuno n'kwa Aleya, Atonga ndi Alozi, Chinyanja chimamveka m'misika ndi m'makomo, ndipo mwambiwu umadziwika. Mayi wa mwana amauza mlezi kuti, "Anti, mutengeni ngati wanu, simudzadandaula. Ife tizikupatsani ya sopo." Mleziyo amawerama n'kuvomera, poti amene akufuna ntchito sakangana pakhomo pa eni.

Mwambiwu ndi woona, ndipo ine ndimaukhulupirira. Koma tiyeni tikumbuke kumene unabadwira. Kumudzi, mwana wa mnzako ukam'sambitsa lero, ukam'gawira nsima mayi wake atapita kumaliro, mwanayo amakulira pamaso pako. Sapita kutali. Akakula ndiye adzakufolerere nyumba, adzakutemere nkhuni, akabwera kuchokera kuntchito adzakuponyere chitenje ndi paketi ya shuga. Ngongole ya ulezi imabwezedwa ndi zaka, chifukwa wolera ndi woleredwa amakalamba ndi kukula pa bwalo limodzi. Kumudzi kwa Mukuni, kumene mfumu imayendetsa zinthu mothandizana ndi Bedyango, mayi wamkulu wa mudziwo, moyo wotere ukadalipo ndithu. Agogo akabereka mdzukulu wa mnansi safunsa kuti andipatsa zingati, ndipo akulondola.

Mlezi wolembedwa ntchito m'tauni alibe zaka zimenezo. Mwana akangoyamba sukulu, ntchito yatha. Bambo wa pakhomo akasamutsidwa, monga anasamukira antchito ambiri a boma likulu la chigawo cha Kumwera litachoka ku Livingstone kupita ku Choma, banja limalongedza katundu, mlezi n'kutsala ndi chikwama chake pamsewu. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseketsa malire, mahotela anakhala opanda alendo, ogwira ntchito ambiri anabwerera kunyumba, ndipo mayi akakhala pakhomo tsiku lonse, woyamba kutsanzikidwa ndi mlezi. Mwana amene anam'gonera kumsana zaka zitatu adzakula osakumbuka n'dzina lake lomwe. Sikuti mwanayo ndi wosayamika, anali wamng'ono chabe. Choncho theka lachiwiri la mwambi, lija lakuti udya naye, kwa mlezi wa m'tauni silifika. Manja anachenjera, koma mbale sadzaiona. Ngati ati adye, ayenera kudya tsopano, mwezi uno, pa malipiro. Akulu omwewo anatinso fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Boma linaiona nkhaniyi, ngakhale mochedwa. Dziko la Zambia linakhala zaka zambiri lopanda lamulo la malipiro ochepetsetsa a antchito a m'nyumba, mpaka mu 2011 pamene anaika K250,000 ya ndalama zakale. Chaka chomwecho, bungwe la zantchito la ILO ku Geneva linavomereza pangano la nambala 189, lonena kuti wogwira ntchito m'nyumba ya mnzake ndi wantchito monga wina aliyense. Mu 2012 ndalamayo inakwera kufika pa K522,400, yomwe inasanduka K522.40 atachotsa maziro atatu pa kwacha mu 2013. Mu 2018 inafika pa K993.60. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, malinga ndi chilengezo cha nduna ya zantchito Brenda Tambatamba, wantchito wa m'nyumba anayenera kulandira K1,300 pamwezi: K1,100 ya malipiro ndi K200 yoyendera. Lamulo limatinso sabata ya ntchito ndi maola 48, opitirira pamenepo alipiridwe padera, ndipo wantchito akhale ndi masiku opuma.

Tiyeni tiiphwanye K1,300 imeneyi. Ukaigawa pa masiku 26 ogwira ntchito, imabwera K50 patsiku. Mu 2024 momwemo, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 linkagulidwa ndalama zoposa K300, kutanthauza masiku asanu ndi limodzi akubereka mwana wa eni kuti upeze ufa wokha, ndiwo, makala ndi lendi zili apo. Bungwe la JCTR, limene limawerengera mwezi ndi mwezi zofunika pa moyo wa banja la anthu asanu, linapeza kuti ku Lusaka mtengo wake unadutsa K10,000 m'chakacho. Mlendo wochokera kunja ankalipira madola 20 kuti alowe kukaona mathithi, ndalama yoposa K500, yomwe mlezi akanaigwirira ntchito masiku khumi. Ndipo K200 yoyendera ija sikwana n'K8 yomwe patsiku. N'chifukwa chake ambiri amayenda wapansi, mbandakucha popita ndi chisisira pobwerera, nthawi yomwe njovu zimadutsa m'njira za kufupi ndi paki ya nyama. Chomvetsa chisoni n'chakuti alezi ambiri salandira ngakhale K1,300 imeneyi. Lamulo linaika poyambira, koma m'makomo ambiri anthu amaitenga ngati ndalama ya olemera okha.

Tsopano bwererani ku mwambi uja, muuyang'ane kuchokera mbali inayo. Mwana wa mnzako m'nyumba muja si khanda lokha ayi. Mtsikana amene mwam'tenga ku Mukuni, ku Kazungula kapena ku Zimba naye ndi mwana wa munthu. Amayi ake anam'pereka kwa inu pokhulupirira mawu anu akuti, "Akhala ngati mwana wa pano." Kodi mwana wa pano amadzuka 5 koloko pamene anzake akugona? Amadya makoko kukhitchini onse atakhuta? Amagona pamphasa pabalaza, n'kumadikira kuti TV izimitsidwe kuti ayale? Ndaonapo mtsikana wotere pa mzere wa sikelo, khanda lonenepa bwino lili kumsana, khadi la mwana atalikulunga m'pepala lapulasitiki kuti lisanyowe, iye atavala patapata woduka womangidwa ndi waya. Anamwino akafunsa za katemera amayankha zonse molondola, tsiku ndi tsiku, kuposa mmene mayi wa mwanayo akanayankhira. Luso limenelo tikulilipira ndi sopo ndi zovala za salaula zimene eni ake atopa nazo.

Chibale ndiye chimabisa zambiri. Mwana wa mlamu, mdzukulu wa azakhali, amagwira ntchito ya munthu wamkulu popanda malipiro chifukwa akuti ndi wa m'banja. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 15, ndipo kuyambira mu 2022 sukulu za boma m'Zambia ndi zaulere mpaka ku sekondale. Mtsikana wa msinkhu wa sukulu amene akulera mwana wanu m'malo mokhala m'kalasi akulipira ndi tsogolo lake kuti inu mupite kuntchito. Ngati ndi wanu yemwe monga mwambi unenera, m'gulireni yunifolomu.

Sindikuiwala kuti wolemba ntchitoyo nthawi zambiri naye ndi wosauka. Mayi woperekera zakudya mu lesitilanti, kapena wogulitsa ziboliboli amene mwezi wa mvula amakhala osagulitsa kanthu, sangatulutse K2,000 mwezi ndi mwezi. Kulira kwake n'koona. Koma kuchepa kwa ndalama zake sikusandutsa maola khumi ndi awiri a mnzake kukhala asanu ndi atatu. Amene sangakwanitse malipiro a tsiku lonse achepetse ntchito: mlezi abwere theka la tsiku, kapena masiku atatu pasabata, kuti nthawi yotsalayo akachite geni yake. Mabanja awiri oyandikana angathe kugwirizana kulemba mlezi mmodzi, n'kusonkherana malipiro abwino. Chosayenera n'kutenga tsiku lonse la munthu, usiku womwe, n'kumulipira ngati wabwera kudzacheza.

Nanga mtengo woyenera ndi uti? Palibe nambala imodzi yokwanira makomo onse, koma njira yoipezera ilipo, ndipo imayambira pa ndalama ya lamulo, kukwera m'mwamba. Kenako muwerenge ntchito moona mtima. Khanda la miyezi inayi silifanana ndi mwana wa zaka zinayi amene amasewera yekha pakhonde. Ana atatu safanana ndi mmodzi. Ngati mlezi yemweyo ndiye wochapa zovala za banja lonse, wokolopa, wosita, wophika, wokatunga madzi mipope ikauma, ndiye kuti mwalemba anthu awiri m'thupi limodzi, ndipo malipiro aonetse zimenezo. Wogwira ntchito za mashifiti, monga namwino kapena wa pa hotela, adziwe kuti usiku umene mlezi wagona ndi mwana wodwala malungo ndi ntchito, si tulo.

Pa mlezi wokhala pakhomo pomwepo ndipo pamakhala chinyengo chachikulu. Timati, "Amadya zathu, amagona mwathu, ndiye ndalama achitira chiyani?" Koma amagona mwanu kuti inu mupindule, kuti mwana akalira pakati pa usiku pakhale womudzukira. Nsima imene amadya siikalipira lendi ya amayi ake, siigulira mwana wake nsapato. Pajatu alezi ambiri ali ndi ana awo, amene awasiya kumudzi ndi agogo kuti adzalere anu.

Palinso za mawa. Bungwe la penshoni la NAPSA limalembetsa antchito a m'nyumba, ndipo chopereka chake ndi 5 peresenti kuchokera kwa wolemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa wantchito. Pa malipiro a K1,300, gawo la bwana silipitirira K65 pamwezi. M'tauni, kumene mwana sadzabwera kudzafolera nyumba ya mlezi wake, kandalama kameneka ndiko kangam'dyetse manja akadzafooka.

Inu amene muli ndi mlezi pakhomo, khalani naye pansi sabata ino, mwana atagona. M'funseni kuti, "Anti, mumayamba nthawi yanji, mumaweruka nthawi yanji, ndipo kunyumba mwasiya angati?" Mulembe papepala maola, ntchito, tsiku lopuma ndi tsiku la malipiro, aliyense asunge pepala lake. Tsikulo likafika, lipirani zonse, osati "theka lero, zina pa 15". Ufa ukakwera mtengo, musadikire kuti achite kukupemphani, chifukwa ambiri sapempha, amangochoka. Ndipo akadwala, mupiteni naye kuchipatala ndi changu chomwecho chimene iye amathamangira ndi mwana wanu.