Kodi Mtendere Wogula ndi Misozi ya Ena ndi Mtendere?

Mfumu Charles II ya ku Spain itamwalira yopanda mwana m'chaka cha 1700, mafumu a ku Ulaya anayamba kulimbirana mpando wake. Malemuyo anasiyira ufumu Philip, mdzukulu wa Louis XIV wa ku France. Maiko a Britain, Netherlands ndi Austria anakana, poopa kuti France ndi Spain angadzakhale m'manja mwa mfumu imodzi. Motero inabuka nkhondo yomwe inapulula anthu kwa zaka zoposa 10.

M'chaka cha 1713 nthumwi zinasainirana pangano mumzinda wa Utrecht. Philip anakhalabe mfumu ya Spain atalumbira kuti sadzalowanso ufumu wa France. Mayi amene mwana wake anabwerako kunkhondo wamoyo sakanaunyoza mtendere wotere, pakuti moyo ulibe sitolo.

Komabe m'mapangano omwewo dziko la Britain linalandira chilolezo chogulitsa akapolo 4,800 ochokera ku Africa chaka chilichonse, kwa zaka 30, m'madera a Spain ku America. Nawo anthu a ku Catalonia, amene Britain inawalonjeza thandizo m'chaka cha 1705, anasiyidwa padzuwa. Mzinda wawo wa Barcelona unagonja pa 11 September 1714, ndipo analandidwa ufulu wodziweruza okha.

Ena amati nthumwi sizikanatha kukondweretsa aliyense, ndipo kukana pangano chifukwa cha zilema zake kukanangochulukitsa manda. Mfundoyi ili ndi mutu, chifukwa pogwirizanitsa adani aliyense amayenera kutayapo kanthu. Koma munthu amataya chake, osati cha mnzake. Philip anataya chiyembekezo cha ufumu wa France, ndipo chinali chakedi. Nanga Mwafirika uja anamangidwa unyolo m'chombo anali wa yani kuti aperekedwe ngati malipiro? Iye sanaponyeko chipolopolo, sanaitanidwe kubwalo, ndipo za mpando wa Spain sanazimvepo n'komwe.

Choncho pangano lisayamikiridwe pongoona kuti mfuti zakhala chete. Liyesedwe ndi zimene lachitira anthu amene analibe wowalankhulira. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo mpaka lero anthu a ku Catalonia amakumbukira tsiku la 11 September chaka ndi chaka. Akapolo aja alibe tsiku lotere m'pangano la Utrecht, pakuti analembedwamo ngati chiwerengero chabe, opanda ndi dzina lomwe.