Kusankha Njira Ndi Kusiya Ina

Pokonza ulendo wa chombo cha m'mlengalenga cha Voyager 1, akatswiri a NASA anali pamphambano: kuchidutsitsa pafupi ndi Titan, mwezi waukulu wa dziko la Saturn, kapena kuchilozetsa ku Pluto. Anasankha Titan, akudziŵa kuti chikadzadutsa pamenepo sichidzafikanso ku dziko lina. Mu 1980 chinadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 6,500. Chifunga chinabisa nthaka ya Titan, koma anthu anadziŵa za mpweya wake wochindikala.

Kodi analakwa? Iyayi. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Ifenso posankha banja kapena ntchito, timatseka makomo ena ndi manja athu. Wofuna kuona zonse sayandikira chilichonse. Tiyeni tisankhe mofatsa, ndipo tikasankha tisamalirire njira imene tinaisiya.