Mwana wa ku Gaika ndi bwalo la kunja

Dandaulo la mwana lotsutsana ndi boma la dziko lake lingamvedwe m'malo awiri kunja kwa dzikolo. Oyamba ndi komiti ya akatswiri 18 ya bungwe la United Nations yomwe imakumana ku Geneva. Pangano la ufulu wa ana la mu 1989 linalibe khomo la madandaulo. Khomoli linadza ndi pangano lowonjezera la pa 19 Disembala 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 14 Epulo 2014, ndipo limatsegukira ana a mayiko okhawo amene analivomereza. Malo achiwiri ndi komiti ya anthu 11 ya bungwe la African Union, yomwe likulu lake lili ku Maseru. Iyi imalandira madandaulo potsata gawo 44 la pangano la Africa la ufulu ndi chisamaliro cha mwana la mu 1990, lomwe Zimbabwe inavomereza mu 1995 ndipo Malawi mu 1999.

Funso limene lili pansi pa zonsezi ndi lakale: mwana ndi wa yani, nanga womuteteza akamulakwira, mwanayo akalirire kwa yani?

Ku Kwekwe, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, funsoli si la m'mabuku. Migodi ya golide ya Gaika ndi Globe and Phoenix inakopa amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique m'nthawi ya atsamunda. Ambiri anatchona. Anakwatira m'makomboni, anabereka, anaikidwa m'manda komweko, ndipo zidzukulu zawo zili ku Amaveni ndi ku Mbizo. Mu 2001 lamulo la unzika linasintha, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo, ngakhale dzikolo sanalipondepo. Ambiri sanathe kutero. Malamulo aakulu a mu 2013 anayesa kukonza cholakwachi: gawo 43 linapatsa unzika wobadwa nawo anthu obadwira mu Zimbabwe kwa kholo la m'dziko la SADC, ndipo gawo 81 limati mwana wobadwira m'dzikomo apatsidwe chikalata cha kubadwa mwachangu. Komabe kholo lopanda chitupa limavutika kulembetsa mwana, ndipo mwana wopanda chikalata amapunthwa pa mayeso a boma, kenako pa ntchito. Vutoli limayenda ngati cholowa. Lipoti la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti silinathe.

Otsutsa mabwalo a kunja amati mwana ali ndi eni ake, ndipo dziko lodzilamulira siliyenera kuweruzidwa ndi alendo. Maganizowa ali ndi mutu, chifukwa mayiko a kuno anaona mmene mawu a chifundo ankagwiritsidwira ntchito powalanda ulamuliro. Koma mwambo umene otsutsawo amadalira suli kumbali yawo kwathunthu. Kwa Achewa mwana ndi wa mbumba, ndipo mwinimbumba ndi malume, koma malume si mathero a mlandu. Nkhani ikakanika pabanja imapita kwa nyakwawa, ikakanika pamenepo kwa gulupu, kenako kwa mfumu yaikulu. Palibe amene amati wopititsa mlandu kutsogolo wanyoza mudzi. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawuwa amapatsa wapadera udindo wolankhula pamene eni mwana akhala chete. Chiphunzitso cha matchalitchi ndi mizikiti ya m'makomboni chimafika pomwepo: mwana ndi mphatso yosungitsidwa, ndipo wosunga amafunsidwa.

Mapanganowa amatsata dongosolo lomwelo. Wodandaula ayenera kuyamba wayesa makhoti a kwawo, pokhapokha ngati akuchedwa mopitirira muyeso kapena sangathandize. Makhoti a Zimbabwe asonyezapo kuti angathe: mu Januwale 2016 khoti loona za malamulo aakulu linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Bwalo la kunja limadikira pamene la kwawo lalephera.

Zitsanzo ziwiri zikusonyeza zimene njirayi ingachite. Mu 2011 komiti ya Africa inagamula kuti Kenya inaphwanya ufulu wa ana a mtundu wa Nubian, zidzukulu za asilikali amene Angerezi anabwera nawo kuchokera ku Sudan, powamana unzika pobadwa. Mbiri yawo ndi ya ana a ku Gaika zikufanana modabwitsa. Chachiwiri ndi cha Malawi. Mu 2014 bungwe la IHRDA la ku Banjul linadandaula kuti malamulo aakulu a Malawi ankati mwana ndi wosakwana zaka 16, pamene pangano la Africa limati 18. Boma linasankha kukambirana, mgwirizano unachitika mu 2016, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha lamulolo. Ulamuliro wa Malawi sunachepe. Aphungu ake omwe ndiwo anavota.

Apa ndi pamene andale amalowera. Makomitiwa alibe apolisi kapena ndende. Chigamulo chawo chimakhala ndi mphamvu pokhapokha nduna ndi aphungu akachinyamula, monga momwe chiweruzo cha pabwalo chimadalira anthu a m'mudzi kuti chitsatidwe. Ku Kenya kukwaniritsa chigamulo kwayenda pang'onopang'ono pa chifukwa chomwechi. Mwana savota, ndipo kholo lopanda chitupa nalonso silivota, choncho wandale wolimbikira nkhaniyi sapindulapo kanthu pa chisankho. N'chifukwa chake kuilimbikira kuli muyeso woona wa chikumbumtima chake.

Khomo la ku Geneva likanali lotsekeka kwa ana a mayiko ambiri a mu Africa, pakuti ochepa okha, monga Gabon, Tunisia ndi Benin, ndiwo anavomereza pangano la mu 2011. La ku Maseru ndi lotseguka kwa mwana wa ku Gaika kudzera mwa makolo kapena mabungwe omuimira, ndipo gawo 6 la pangano la Africa limamupatsa ufulu wa dzina, wa kulembetsedwa atangobadwa, ndi wa unzika.