Sukulu ya pa foni ndi dzanja lobwereka

Munthu amene akuphunzira yunivesite kudzera pa foni akalipira mnzake kuti amulembere ntchito ya m'kalasi, walakwira ndani? Mphunzitsi wake samuona. Sukulu yalandira ndalama zake zonse. Wolembayo wapeza ya sopo. Ambiri amene ndacheza nawo, pa wailesi komanso pa msika wa Insaca, amati apa palibe mlandu. Ine ndikuti ulipo. Koma tiyambe taona m'mene sukulu yotereyi imayendera, pakuti makolo ambiri amangoona mwana ataweramira foni, osadziwa ngati ali m'kalasi kapena pa Facebook.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si kwachilendo. Nelson Mandela anamaliza digiri ya malamulo ndi yunivesite ya UNISA mu 1989 akali m'ndende. Abale athu a ku Malawi anayamba sukulu ya makalata mu 1965. Chasintha lero n'chakuti envelopu ya ku positi yasanduka foni. Kuno ku Mozambique tili ndi ISCED, yomwe inayamba ku Beira mu 2014 ndipo tsopano imatchedwa UnISCED. Universidade Católica de Moçambique, yomwe timaidziwa chifukwa cha sukulu yake ya zaulimi ku Cuamba, nayonso imaphunzitsa anthu ali kwawo, chimodzimodzi Universidade Eduardo Mondlane.

Amene wamaliza kalasi 12 amalembetsa, n'kumalipira propina yake kudzera ku banki kapena pa foni. Amapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi, ndiwo makiyi a kalasi yake. Akalowa m'chomwe amati plataforma, amapezamo buku la phunziro lililonse, lotchedwa módulo, ndi mphunzitsi womuyang'anira, tutor, amene mwina ali ku Beira kapena ku Maputo. Muli timayeso tokhala ndi mphindi zowerengeka: nthawi ikatha, khomo limadzitseka lokha. Mulinso ntchito yolemba masamba angapo m'Chipwitikizi, yoyenera kutumizidwa tsiku loikika lisanadutse. Mayeso aakulu nthawi zambiri amakalembedwa maso ndi maso, chitupa chili m'manja, ndipo kwa ife izi zikutanthauza kukwera chapa. Digiri ya licenciatura imatenga zaka zinayi, ndipo ambiri amaimaliza ndi kafukufuku wolemba amene amakamufotokoza pamaso pa aphunzitsi.

Ubwino wake sindiukana. Mphunzitsi wa ku Chiuta akhoza kuphunzira osasiya ana ake a m'kalasi. Mayi wa ana atatu safunika kusamukira ku Lichinga kapena ku Nampula. Makolo athu akadaona izi akadati ndi matsenga.

Komatu amene amalengeza kuti munthu aphunzire ali paliponse sanakhalepo kwathu nyengo ya mvula. Ngakhale Movitel inabwera mu 2012 n'kufika m'midzi yambiri, alipobe malo amene uthenga umatuluka munthu atakwera pa chulu. Cha ku Entre-Lagos foni imatha kugwira TNM kapena Airtel ya ku Malawi m'malo mwa yakwathu. Kukachita mitambo masiku atatu, sola siitchaja. Mamega amatha buku lisanamalize kutsika. Onjezani apo kuti Chipwitikizi cha m'mabuku amenewa si chija cha pa msika, ndipo kwa mwana wa Mnyanja, Mlomwe kapena Myao ndi chilankhulo chachiwiri, mwinanso chachitatu. Tsono tsiku lotumiza ntchito likayandikira, pamudzi pagwa maliro, wina n'kukunong'oneza kuti alipo mnyamata amene amalemba pa mtengo wochepa, ndani angadabwe kuti munthu wagonja?

Oikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi fanizo lomwe ndimalimva kawirikawiri. Amati munda ukakula umaitana aganyu, ndipo chimanga chimakhala chako ndithu. Fanizoli ndi lokoma m'khutu, koma silikwana. Pa munda chofunika ndi chimanga, ndipo nkhokwe siifunsa kuti analima ndani. Pa sukulu masamba khumi aja sindiwo zokolola. Tutor sawafuna kuti adye. Amawafuna kuti munthu amene wawalemba asinthike m'mutu polimbana nawo. Zikufanana ndi wodwala malungo amene walemba ganyu mnzake kuti amumwere mankhwala. Botolo latha, khadi la ku chipatala ladindidwa, malungo ali pomwepo.

Wina ayankha kuti thupi ndi lake, ndipo akadzinamiza wadzinamiza yekha. Apa ndi pamene ndimasiyana naye kwambiri. Taonani amene amalembetsa maphunziro amenewa m'boma lathu lino: ambiri amene ndimawadziwa ndi aphunzitsi ndi antchito a boma. Mphunzitsi akapeza licenciatura amayembekeza kukwera kufika pa N1, malipiro n'kukwera, ndipo nthawi zina amapatsidwa makalasi akuluakulu. Ndalamazo sindimuchitira nazo nsanje, amavutika mokwanira. Koma taganizani za mtsikana wa kalasi 10 amene wapalasa njinga kuchokera kumudzi, bambo ake atagulitsa nsomba za ku Chilwa kuti amugulire makope. Wakhala pa benchi kutsogolo kwa munthu amene pepala lake likuti amadziwa masamu, pamene masamuwo anatsala m'mutu mwa mnyamata waganyu uja. Mtsikanayu sanalipo pamene awiriwo ankagwirizana mtengo, koma ngongoleyo ailipira ndiye, ndipo sadzadziwa n'komwe chimene chinamulepheretsa mayeso.

Alipo winanso wolakwiridwa: wophunzira amene anakwera chulu chija usiku, nalemba yekha m'Chipwitikizi chake chopunduka, napeza 11 pa 20, pamene wogula wapeza 16. Pa tsiku la mikanjo onse awiri timawaimbira nthungululu zofanana. Ifenso a pamudzi tili ndi gawo lathu pamenepa. Timakonda kutchula munthu kuti dotolo, koma sitimufunsa kuti watiphunzirira chiyani. Ndipo mayi akatseka chitseko kuti awerenge, ndife tomwe amene timati wayamba kunyada.

Sindikunena kuti wophunzira azivutika yekha. Mutu umodzi susenza denga. Amene ali ndi netiweki yabwino atsitse buku n'kugawira anzake. Amene amadziwa Chipwitikizi akonzere mnzake mawu opindika, amufotokozere ndime yovuta kawiri, katatu. Kumeneko ndi kuthandizana. Malire ndimawaona pa funso limodzi: kodi zimene watumizazo ungathe kuzifotokozera agogo ako m'Chinyanja, foni ili m'thumba? Funso lomweli likhudzanso makina oyankha mafunso ngati ChatGPT, amene anatulukira mu 2022 ndipo afika kale m'mafoni a achinyamata athu. Akhoza kukumasulira mawu ovuta, akhozanso kukhala waganyu wosalipidwa.

Masukulu nawonso asamangowerenga propina. Tutor amene amayankha funso patatha milungu iwiri akukankhira wophunzira m'manja mwa ogulitsa. Kuimbira wophunzira foni mphindi zisanu, n'kumufunsa za ntchito imene watumiza, kungaulule zambiri kuposa makina ofufuza zokopera. Ndipo kwathu kuno, zipinda za sukulu za ku Insaca zimakhala zotseka Lamlungu masana. Akulu a sukulu atalola, ophunzira a pa foni asanu kapena khumi angathe kumakumanamo, aliyense ndi módulo yake, wina atabweretsa chingwe chotchajira mafoni.